Tiphunzire Biology: Oestrogen ndi Matenda Atatu a Amayi

Ophunzira nonse, makamaka inu a Fomu 3 ndi Fomu 4: pa mayeso mukafunsidwa ntchito ya oestrogen, ambiri mumayankha bwino ndithu. Mumati imabweretsa zizindikiro za kutha msinkhu mwa mtsikana, komanso imakonzanso m'kati mwa chiberekero msambo ukatha. Malikisi awiri mwakolola, basi. Koma nkhani ya oestrogen siithera pa pepala la MANEB ayi. Homoni yomweyi ndi imene imadyetsa matenda ena amene akusautsa amayi athu, azakhali athu ndi anzathu a m'kalasi, kuyambira ku Kameme mpaka ku Nthalire, ambiri osadziwa n'komwe dzina la chimene chikuwapweteka.

Mwezi uno tiona matenda atatu: endometriosis, zotupa za m'chiberekero zotchedwa ma fibroid, ndi zotupa za m'thumba la mazira. Mfundo yake ndi imodzi. Oestrogen ndi uthenga wouza maselo kuti "kulani". Uthengawo ukafika pamalo oyenera pa nthawi yake, thupi limayenda bwino. Koma ukafika kwa maselo amene ali pamalo olakwika, kapena kwa maselo omva mopitirira muyeso, kapena ukamaperekedwa osalekeza, pamenepo matenda amabuka. Mukamvetsa zimenezi mudzamvetsanso chifukwa chake matendawa amagwira pa msinkhu umene amagwirira, chifukwa chake ena amazilala mayi akasiya kusamba, ndi chifukwa chake adokotala amapereka mankhwala amene amapereka.

Anyamata, musalambalale pepalali poganiza kuti ndi za atsikana. Funso la mahomoni silisankha wolemba mayeso. Komanso mawa ndinu amene mudzaperekeze mlongo kapena mkazi wanu kuchipatala.

TIKUMBUTSANE KAYE

Mkazi ali ndi matumba a mazira awiri, lina kumanja lina kumanzere, ndipo lililonse lili pafupi ndi chubu cholowera m'chiberekero. Chiberekero chenichenicho ndi mnofu wamphamvu wooneka ngati peyala laling'ono, wotalika masentimita 7 kapena 8. M'kati mwake muli khungu lofewa, chiyangayanga, limene m'buku mwathu limatchedwa endometrium.

Mwezi uliwonse pituitary, imene ili pansi pa ubongo, imatulutsa FSH. FSH imakulitsa timatumba ta follicle momwe mazira amakhwimira, ndipo timatumbato timapanga oestrogen. Oestrogen ikamachuluka m'magazi, chiyangayanga chimakhuthala. Kenaka LH imakwera mwadzidzidzi, dzira n'kutuluka. Kwa mkazi wa masiku 28 izi zimachitika cha pa tsiku la 14. Kathumba kotsala kaja kamasanduka corpus luteum n'kuyamba kupanga progesterone. Progesterone imaimitsa kukula kuja, n'kukhwimitsa chiyangayanga kuti chilandire mimba. Mimba ikapanda kubwera, mahomoni onse awiri amatsika, chiyangayanga chimayoyoka, ndiye msambo umenewo.

Gwirani ichi: oestrogen imati "kula", progesterone imati "wakula mokwanira, khwima tsopano". Awiriwa amasinthana ngati dzinja ndi chilimwe.

Dzina loti oestrogen linachokera ku oestrus, nyengo imene nyama yaikazi, monga ng'ombe, imafuna nkhunzi. Mu 1923 Edgar Allen ndi Edward Doisy, mumzinda wa St. Louis ku America, anatenga timadzi ta m'matumba a mazira a nkhumba n'kubaya mbewa zimene anazichotsa matumba a mazira, ndipo mbewazo zinalowa m'nyengo ija. Mu 1929 Doisy, komanso Adolf Butenandt wa ku Germany, aliyense payekha, anakwanitsa kupatula homoniyi kuchokera mumkodzo wa amayi oyembekezera. Lero tikudziwa mitundu itatu ikuluikulu: oestradiol, yamphamvu kwambiri, ya zaka zobereka, oestriol, yochuluka pa nthawi ya mimba, ndi oestrone, imene imatsala mayi akasiya kusamba. Mafuta a m'thupi nawo amapangako oestrogen pogwiritsa ntchito enzyme yotchedwa aromatase. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

KIYI NDI LOKO

Oestrogen imazungulira thupi lonse m'magazi. Nanga bwanji siikulitsa chala kapena khutu mwezi ndi mwezi? Yankho linapezeka cha m'ma 1958, pamene Elwood Jensen wa ku Chicago anaonetsa kuti maselo ena ali ndi malo olandirira homoniyi, otchedwa ma receptor. Homoni ili ngati kiyi, receptor ili ngati loko. Kiyi amatsekula pokhapo pali loko wake. Maselo a chiberekero, a mabere ndi a mafupa ali ndi maloko amenewa ambiri.

Choncho mphamvu ya oestrogen siidalira kuchuluka kwake m'magazi kokha. Imadaliranso kuti maloko alipo angati, ndipo ali pati. N'chifukwa chake amayi ambiri odwala matenda tikukambawa akayezedwa magazi, oestrogen yawo imapezeka ili pa mlingo wabwinobwino. Mvula imagwa yofanana m'munda wonse, koma chimera ndi chimene chinagwera panthakapo.

MATENDA OYAMBA: ENDOMETRIOSIS

Awa ndi matenda amene minofu yofanana ndi chiyangayanga imamera kunja kwa chiberekero: pa matumba a mazira, pa machubu, kuseri kwa chiberekero, pa chikhodzodzo kapena pa matumbo. Bungwe la WHO limati amagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka, kutanthauza anthu ngati 190 miliyoni pa dziko lonse. Werengani atsikana a m'kalasi mwanu, muone kuti nambalayo ikutanthauza chiyani.

Minofuyo imafika bwanji kumeneko? Mu 1927 dokotala wa ku America, John Sampson, anafotokoza kuti pa nthawi ya msambo magazi ena amabwerera m'mbuyo kudzera m'machubu n'kugwera m'mimba, atanyamula tizidutswa ta chiyangayanga. Izi zimachitikira akazi ambiri, koma kwa ochuluka thupi limasesa tizidutswato. Kwa ena timakakamira n'kumera mizu. Matendawa amayendanso m'magazi a pabanja: mayi kapena mkulu wako akakhala nawo, mpata woti nawenso ukhale nawo umakula.

Oestrogen imalowa apa. Tizidutswa tija tili ndi maloko, ndiye mwezi uliwonse timamva uthenga woti "kulani", timatupa, timatulutsa magazi. Koma magaziwo alibe khomo lotulukira. Amapsereza malo ozungulira, pamabwera kutupa, kenaka zipsera zimene zimamatirira ziwalo pamodzi. Pa thumba la mazira magazi akalewo amatha kudzaza chotupa chooneka ngati chokoleti chosungunuka.

Choipa kwambiri n'chakuti tizidutswato tili ndi aromatase yakeyake, choncho timadzipangira tokha oestrogen. Oestrogen imachulukitsa prostaglandin, imene imabweretsa ululu. Prostaglandin nayo imachulukitsa aromatase. Aromatase imapanga oestrogen ina. Zimangozungulira choncho. Kuwonjezera apo, tizidutswati sitimva bwino progesterone, yomwe ikanati "basi, lekani".

Zizindikiro zake ndi izi: kupweteka kwa msambo koti munthu sangayende, kuphika kapena kukhala m'kalasi, ululu woyamba msambo usanafike n'kupitirira utatha, kupweteka pochita chimbudzi kapena pokodza pa nthawi ya msambo, kupweteka kwa m'chinena ndi msana kwa miyezi, kwa apabanja, kupweteka pokhala malo amodzi ndi kuvutika kutenga mimba.

Kale mabuku ena a udokotala ankaphunzitsa kuti awa ndi matenda a azungu olemera ochedwa kubereka. Linali bodza, ndipo bodzalo linapweteka akazi akuda ambiri, amene ankangouzidwa kuti ali ndi matenda opatsirana pogonana. Ku Kenya kunali muulutsi wa pa wailesi wotchuka ndi nyimbo za reggae, Njambi Koikai. Ululu unamuyamba ali mtsikana wa pasukulu, koma panapita zaka zoposa 10 asanauzidwe dzina la matenda ake. Kwa iye minofuyo inafika mpaka m'chifuwa, moti mapapo ankaphwa pa nthawi ya msambo. Anakachitidwa opaleshoni ku Atlanta, ndipo anatha zaka zambiri akuphunzitsa anthu za matendawa mpaka anamwalira mu Juni 2024. Ngati munthu wa mu Nairobi, pafupi ndi zipatala zikuluzikulu, anadikira choncho, nanga mtsikana wa m'mapiri a Misuku amene wauzidwa kuti "pirira, ndi ukazi umenewo"?

MATENDA ACHIWIRI: MA FIBROID

Fibroid ndi chotupa cholimba chomera mu mnofu wa chiberekero. Chimayamba ndi selo imodzi yokha imene DNA yake yasintha. Mu 2011 akatswiri a ku Finland anapeza kuti ma fibroid ambiri, pafupifupi 7 mwa 10, ali ndi kusintha pa kachigawo ka DNA kotchedwa MED12. Seloyo imagawikana n'kupanga mbulu. Zina zimakhala ngati nyemba, zina ngati lalanje, zina mpaka ngati dzungu, ndipo mayi mmodzi atha kukhala nazo zambiri.

Tinene msanga: fibroid si khansa. Khansa ya mnofu wa chiberekero ilipo koma ndi yosowa kwambiri.

Umboni woti mahomoni ndi amene amadyetsa zotupazi ndi wosavuta kuona. Sizimera mwa mwana wosatha msinkhu. Zimachuluka pa zaka za m'ma 30 ndi m'ma 40. Mayi akasiya kusamba, cha m'ma 50, nthawi zambiri zimafota. Zimapezekanso kwambiri mwa amene anayamba kusamba ali wamng'ono, amene sanaberekepo, ndi onenepa kwambiri. Paja tati mafuta a m'thupi amapanga oestrogen.

Koma apa pali kusiyana ndi endometriosis, ndipo a Fomu 4 mutchere khutu. Mu fibroid oestrogen siigwira ntchito yokha. Imachititsa maselo a chotupacho kupanga maloko ambiri a progesterone, kenaka progesterone ndi imene imakankha kukula. Ndiye progesterone, yomwe pa chiyangayanga imaimitsa kukula, mu fibroid imathandizira kukula. Homoni imodzimodzi, yankho losiyana, malinga ndi selo imene yalandira uthengawo.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife anthu akuda. Kafukufuku wa Donna Baird ndi anzake ku America, wofalitsidwa mu 2003, anayeza amayi ndi sikani n'kupeza kuti pofika zaka 50, amayi akuda oposa 80 mwa 100 alionse anali atakhalapo ndi ma fibroid, pamene azungu anali pafupifupi 70. Mwa akazi akuda zotupazi zimayambanso msanga ndipo zimakula kwambiri. Lupita Nyong'o, katswiri wa mafilimu wa ku Kenya, anaulula mu 2025 kuti mu 2014, chaka chimene analandira mphoto ya Oscar, anamupeza ndi ma fibroid 30 ndipo anachitidwa opaleshoni.

Amayi ambiri ali nazo osamva kanthu, ndipo safunika mankhwala. Mavuto amadalira pamene chotupa chakhala. Chikamera cham'kati, pansi pa chiyangayanga, ngakhale chaching'ono chimabweretsa msambo wambiri, ndipo chitha kulepheretsa mimba kapena kuchititsa kupita padera. Chikamera chakunja chimapanikiza chikhodzodzo, mayi n'kumakodza pafupipafupi, kapena matumbo, n'kumadzimbidwa. Chikakula, mimba imatupa ngati ya miyezi isanu, anthu kumjigo n'kuyamba kuwerenga miyezi ya mwana amene kulibe.

Choopsa chachikulu ndi kutha magazi. Msambo wabwino umataya magazi okwana masipuni akuluakulu awiri kapena atatu, mamililita 30 mpaka 40. Akapitirira mamililita 80 ndiye achuluka. Mayi wotaya magazi otere mwezi ndi mwezi amafooka, amachita chizungulire, mtima umathamanga akakwera kaphiri, m'manja ndi m'zikope mumayera, ndipo ena amalakalaka kudya dothi. Si ulesi. Iron wa m'thupi watha.

MATENDA ACHITATU: ZOTUPA ZA M'THUMBA LA MAZIRA

Apa tiyende mosamala, chifukwa zotupazi zilipo za mitundu yambiri ndipo si zonse zokhudzana ndi oestrogen.

Zofala kwambiri ndi timatumba ta madzi tobwera ndi msambo womwe. Follicle ikalephera kuphulika, kapena corpus luteum ikadzaza madzi, pamakhala kachotupa kamene kamatha kokha pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Pali china chotchedwa dermoid, chimene chimachokera ku maselo opanga mazira. Adokotala akaching'amba amapezamo tsitsi, mafuta, nthawi zina mano. Wosadziwa akaona zotere anganene kuti munthuyo anamuponyera. Ayi, ndi maselo chabe amene ali ndi mphamvu yopanga chiwalo chilichonse, ndipo asokonekera. Ichi sichidyetsedwa ndi oestrogen.

Chimene chili pa mutu wathu weniweni ndi chotupa cha maselo a granulosa. Awa ndi maselo omwe aja opanga oestrogen mu follicle. Akasanduka chotupa amapanga oestrogen usana ndi usiku, osamvera pituitary. Taganizani zotsatira zake. Mwana wa zaka 5 amamera mabere n'kuyamba kutaya magazi. Agogo amene anasiya kusamba kalekale amaonanso magazi, chifukwa chiyangayanga chikungokula popanda progesterone yochiimitsa, ndipo kukula kotereku kutha kufika pa khansa ya chiyangayanga. Onani kusiyana kwake: mu endometriosis ndi mu fibroid chotupa chimadya oestrogen, pamene apa chotupa ndi chimene chikuphika. Ndi chosowa, ndipo chikapezeka msanga opaleshoni imathandiza kwambiri.

Khansa yofala ya m'thumba la mazira imagwira makamaka amayi opitirira zaka 50. Mu 1971 dokotala wa ku Egypt, Mahmoud Fathalla, anapereka ganizo loti dzira likamatuluka mwezi ndi mwezi osapumira, kabala kamene limasiya kamachira n'kung'ambikanso kambirimbiri, ndipo mpata woti selo ina ilakwike umakula. Ngakhale nkhuku zoikira tsiku ndi tsiku zimadwala kwambiri khansa imeneyi. Mimba, kuyamwitsa ndi mapilitsi olera zimapumitsa thumba la mazira, ndipo zonsezi zimachepetsa chiopsezo. Mu 2008 akatswiri a ku Oxford anaphatikiza kafukufuku wa m'maiko 21 n'kupeza kuti zaka 5 zilizonse zomwa mapilitsi zimachepetsa chiopsezocho ndi pafupifupi 20 pa 100. Mitundu ina iwiri ya khansayi imatha kuyambira pa endometriosis, koma amayi ochuluka zedi a endometriosis sadwala khansa.

Vuto la khansayi ndi kubisala. Zizindikiro zake zimaoneka zazing'ono: mimba kutupa, kukhuta msanga, kukodza pafupipafupi, kuwonda. Mayi wamkulu akamadandaula zimenezi kwa masabata angapo, musamugulire mankhwala a m'golosale. Mutengereni kuchipatala.

Mu Disembala 1809 ku Kentucky, America, mayi wina dzina lake Jane Todd Crawford ankaganiziridwa kuti ali ndi mimba ya mapasa yopitirira masiku. Dokotala Ephraim McDowell atamuyeza anati si mimba, ndi chotupa. Mayiyo anayenda pa hatchi makilomita pafupifupi 96, mtunda wofanana ndi kuchoka pa Chitipa boma kukafika ku Karonga. Anamuchotsa chotupa cha makilogalamu 10 popanda mankhwala ogonetsa, chifukwa nthawiyo kunalibe, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina 32. Chinamupulumutsa chinali kuyezedwa, ndi kulimba mtima kuyenda ulendowo.

MANKHWALA AMATSATA NZERU YOMWEYI

Ngati oestrogen ikudyetsa matenda, dokotala ali ndi njira zingapo.

Yoyamba ndi kuletsa prostaglandin. Ibuprofen amachita zimenezi, n'chifukwa chake amathandiza ululu wa msambo, makamaka akayambidwa ululu ukangoyamba. Amamwedwa munthu atadya, ndipo wa zilonda za m'mimba sayenera kumwa. Aspirin atha kuchulukitsa kutaya magazi.

Yachiwiri ndi kupumitsa matumba a mazira ndi kupyapyalitsa chiyangayanga. Mapilitsi, jakisoni wa Depo ndi lupu ya mahomoni zimagwira ntchito imeneyi. Wina afunsa: "Aphunzitsi, mapilitsi ena ali ndi oestrogen, ndiye angathandize bwanji?" Funso labwino. Mapilitsiwo amachititsa pituitary kuchepetsa FSH ndi LH, choncho thumba la mazira limaleka kupanga oestrogen yake yokwera ndi kutsika ija, ndipo homoni yonga progesterone imene ili m'pilitsimo imafooketsa chiyangayanga. Ndiye mtsikana akapatsidwa mapilitsi ndi dokotala chifukwa cha msambo, ndi mankhwala ngati ena onse. Si chizindikiro choti wayamba zibwenzi. Koma awa si mankhwala obwerekana. Pali anthu ena amene sayenera kumwa, ndipo wodziwa ndi wachipatala.

Yachitatu ndi mankhwala amphamvu ozimitsiratu FSH ndi LH kwa miyezi yochepa. Ma fibroid amafota, koma mafupa amafooka akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, umboni woti thupi limafuna oestrogen.

Yachinayi ndi opaleshoni: kuchotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero kwa amene akufunabe ana, kapena kuchotsa chiberekero kwa amene anamaliza kubereka ndipo akuvutika kwambiri. Pambali pa zonsezi, wotha magazi amapatsidwa mapilitsi a iron, ndipo nyemba, bonongwe, usipa ndi chiwindi zimathandizira.

ZIMENE TIMAMVA KUMUDZI

"Ukadzakwatiwa n'kubereka zidzatha." Pa nthawi ya mimba msambo umaima ndipo progesterone imachuluka, choncho ululu wa endometriosis utha kuchepa. Koma nthawi zambiri umabwereranso. Mimba si mankhwala, ndipo palibe mtsikana ayenera kusiya sukulu chifukwa cha malangizo amenewa. Paja kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

"Chotupa m'chiberekero ndiye kuti khansa." Ayi. Khansa imene ikupha amayi ambiri m'Malawi ndi ya khomo la chiberekero, ndipo imayamba ndi kachilombo ka HPV, osati oestrogen. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Fibroid ndi nkhani ina.

"Anachotsapo mimba" kapena "ndi woyendayenda." Endometriosis ndi ma fibroid sizipatsirana pogonana, ndipo zimagwira ngakhale amene sanadziwepo mwamuna.

"Kulera kumabweretsa zotupa." Taona kale kuti njira zina zolera ndi zomwenso adokotala amachizira matendawa.

"Sabereka, mubwezereni kwawo." Amayi ambiri a matendawa amabereka, ena atalandira chithandizo. Komanso banja likasowa mwana, onse awiri ayenera kuyezedwa, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhalanso kwa bambo.

TIPITE LITI KUCHIPATALA?

Kupweteka pang'ono tsiku loyamba kapena lachiwiri la msambo n'kofala. Koma pitani mukaonedwe ngati:

1. Ululu ukukujombetsani kusukulu mwezi ndi mwezi, kapena sukumva mankhwala.
2. Msambo ukupitirira masiku 7, kapena mukusintha padi kapena nsalu ola lililonse kapena maola awiri alionse, kapena mukutuluka mibulu ikuluikulu ya magazi.
3. Mukufooka, kuchita chizungulire, m'manja mwayera.
4. Mimba ikutupa kapena mukumva cholimba m'chinena.
5. Mwana wosakwana zaka 8 wayamba kumera mabere kapena kutaya magazi.
6. Mayi amene anasiya kusamba waonanso magazi, ngakhale kadontho.

Ululu wadzidzidzi wa mbali imodzi ya m'chinena, ndi kusanza kapena kukomoka, usagone m'nyumba. Mwina thumba la mazira lapotokola, mwina ndi mimba yokhala mu chubu. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.

Yambani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi Kameme, Ifumbo, Misuku, Wenya, Nthalire kapena Kaseye. Akaona kuti pakufunika sikani kapena opaleshoni, adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Chitipa, ndipo zovuta kwambiri zimapita ku Mzuzu Central Hospital, makilomita oposa 300 kuchoka pa boma pano. Ulendo wotere ndi wodula, n'chifukwa chake kuyamba msanga, munthu asanathe magazi, kumapulumutsa moyo ndi ndalama zomwe. Akakuyezani mimba, likodzo kapena matenda opatsirana pogonana, musakhumudwe. Sakukunenani, matenda amenewo amapweteka malo omwewo, ndiye ayenera kuwachotsa kaye pa mndandanda. Dziwaninso kuti sikani imaonetsa bwino ma fibroid ndi zotupa za m'thumba la mazira, koma endometriosis yaing'ono siioneka nthawi zonse. Sikani ikatuluka bwino koma ululu ulipobe, bwereraninso.

Atsikana, nayi ntchito yoti muyambe mwezi uno. Kumapeto kwa kope lanu lembani tsiku limene msambo wayamba, masiku amene watenga, kangati mwasintha pa tsiku, ululu wake pa mlingo wa 0 mpaka 10, ndi masiku amene mwajomba. Mukalemba miyezi itatu, mutenge pepalalo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Lidzakuyankhulirani pamene manyazi akugwirani pakamwa. Ngati Chichewa kapena Chingerezi chikukuvutani pofotokoza, nenani m'Chilambya, m'Chisukwa, m'Chindali kapena m'Chitumbuka, wina amasulire. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Uzani mayi anu, aphunzitsi aakazi kapena amayi a mother group. Anyamata, mnzanu akadetsa yunifolomu kapena akagona pa desiki chifukwa cha ululu, si nthawi yoseka.

MAFUNSO OYESERERA

1. Tchulani homoni imene imachititsa follicle kupanga oestrogen, ndi kumene homoniyo imachokera. Malikisi 2.
2. N'chifukwa chiyani mayi atha kudwala matenda odyetsedwa ndi oestrogen pamene mlingo wake m'magazi uli bwinobwino? Malikisi 2.
3. Fotokozani mmene aromatase, oestrogen ndi prostaglandin zimathandizirana mu endometriosis. Malikisi 3.
4. Perekani maumboni awiri osonyeza kuti ma fibroid amadalira mahomoni. Malikisi 2.
5. Agogo a zaka 65 ayambanso kutaya magazi, ndipo sikani yaonetsa chotupa m'thumba la mazira. Fotokozani mmene ziwirizi zingagwirizanirane. Malikisi 3.

Lembani mayankho anu m'Chingerezi monga pa MSCE, muwaponye m'bokosi la kalabu ya sayansi pofika Lachisanu. Mayankho olondola tidzawakhoma pompano sabata yamawa. Amene muli ndi funso lanulanu loti simungafunse m'kalasi, lembani osaika dzina, muponye m'bokosi lomwelo.